Chiwerengero chikafika pa foni yanu: momwe mungachifufuzire musanachikhulupirire

Masiku ano mkangano wa ndale sutha popanda nambala. Uyu akuti amphawi achepa, uyo akuti achuluka. Wina akuti boma lapezera anthu ntchito miyandamiyanda, mnzake akuti achinyamata onse ali pa ulova. Ikakhala nkhani ya chipembedzo, ya mitundu, ya kuchotsa mimba kapena ya maukwati a ana, aliyense amatulukira ndi peresenti yake, ndipo peresentiyo imazungulira magulu a WhatsApp lipoti lomwe inachokeramo lisanawerengedwe ndi munthu ndi mmodzi yemwe. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti nambala zambiri zotere sizikhala zabodza ayi. Zimakhala zoona, koma zofika kwa ife zitachotsedwa zinthu zitatu: amene anawerenga, chaka chomwe anawerengera, ndi chinthu chenichenicho chimene anawerenga. Zitatuzi zikasowa, nambala yoona imatha kunamiza anthu kuposa bodza lamkunkhuniza, chifukwa aliyense amaiopa kuitsutsa.

Simufunika digiri kuti muzibwezeretse zinthu zitatuzi. Mufunika foni, kabandulo pang'ono ndi mtima wosapupuluma. Nazi njira zake.

1. Lembani mawuwo monga momwe anenedwera

Musanafufuze kalikonse, lembani chiganizo chonse osasintha liwu. "Theka la Amalawi ndi amphawi" n'chosiyana ndi "theka la mabanja ndi osauka", ndipo "atsikana 42 pa 100 alionse akukwatiwa ali ana" n'chosiyana ndi "anakwatiwa ali ana". Lembaninso amene wanena ndi komwe wanenera. Mikangano yambiri imatalika chifukwa anthu awiri akutsutsana pa ziganizo ziwiri zosiyana osazindikira.

2. Pezani mwini wake wa nambalayo

Mtolankhani, phungu, mbusa kapena mkulu wa bungwe amene watchula chiwerengero nthawi zambiri si amene anawerenga. Iye anangotola. Ntchito yanu ndi kutsata mapazi kufikira kwa amene anapita kumudzi ndi mafunso.

M'dziko muno eni ake a nambala zikuluzikulu ndi ochepa, ndipo n'kwabwino kuwadziwa. National Statistical Office, yomwe ambiri amangoti NSO ndipo likulu lake lili ku Zomba, ndiyo imachita kalembera wa anthu pakatha zaka khumi zilizonse. Wa 2018 anapeza anthu 17,563,749, pomwe wa 2008 anapeza pafupifupi 13.1 miliyoni. NSO yomweyo ndiyo imachita kafukufuku wa moyo wa m'mabanja wotchedwa IHS, komwe kumachokera nambala za umphawi, komanso wa zaumoyo wotchedwa MDHS, komwe kumachokera za uchembere, mimba za atsikana ndi imfa za ana. Mwezi ndi mwezi imatulutsanso nambala ya kukwera mitengo kwa zinthu. Za mphamvu ya kwacha mwini wake ndi Reserve Bank of Malawi. Za anthu amene akhudzidwa ndi njala zimachokera ku komiti ya MVAC. Zotsatira za chisankho ndi za MEC. Za maganizo a anthu, mayina omwe mudzakumane nawo kawirikawiri ndi Afrobarometer ndi IPOR ya ku Zomba.

Lembani pa Google dzina la bungwelo, mutu wa nkhani ndi chaka, kenaka tsegulani lipoti lenileni, osati nkhani yonena za lipotilo. Malipoti ambiri ali m'Chingerezi ndipo ndi aatali, koma musachite nawo mantha. Masamba oyambirira amakhala ndi chidule cha zomwe apeza, ndipo nambala yomwe mukuifuna imakhala mu tebulo lomwe mutu wake umanena amene awerengedwa ndi chaka chake. Werengani mutu wa tebulowo kawiri. Werenganinso timawu ting'onoting'ono ta pansi pake, poti m'menemo ndi momwe amabisamo zambiri zofunika.

Kumbukiraninso kuti nambala yaikulu imamangidwa ndi nambala zing'onozing'ono. Phunziro ili tinaliona poyera pa chisankho cha pulezidenti cha 2019. MEC inalengeza kuti Peter Mutharika wapeza 38.57 peresenti, Lazarus Chakwera 35.41 ndipo Saulos Chilima 20.24. Mlandu umene unatsatira unabwerera ku mapepala a zotsatira za m'malo oponyera voti, ena ofufutidwa ndi tipekisi, ndipo pa 3 Febuluwale 2020 khothi linathetsa chisankhocho. Amene anakatsutsa ku khothi anachita kutola pepala ndi pepala. Inunso mukakayikira nambala ya dziko lonse, funsani ngati ilipo yogawidwa m'maboma, ndipo onani ngati ya boma lanu ikugwirizana ndi zomwe zingatheke.

Mukafufuza n'kulephera kupeza mwini wake, imani pomwepo. Chithunzi chokhala ndi chizindikiro cha bungwe si umboni, chifukwa aliyense wodziwa kompyuta angachipange.

3. Funsani kuti liwulo likutanthauza chiyani kwa amene anawerenga

Apa ndi pomwe pagona nkhani, ndipo ndikupemphani kuti mudekhepo. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tengani liwu loti umphawi. Kafukufuku wa IHS wa 2019/20 anapeza kuti Amalawi 50.7 pa 100 alionse ndi osauka, ndipo 20.5 ali pa umphawi wadzaoneni. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, pogwiritsa ntchito kafukufuku yemweyo, inanena kuti osauka ndi pafupifupi 70 pa 100 alionse. Ndani akunama? Palibe. NSO inajambula mzere wake pa K165,879 pa munthu mmodzi pa chaka, zomwe ndi pafupifupi K454 pa tsiku pa mitengo ya nthawi imeneyo: ndalama yogulira chakudya chokwanira thupi ndi zofunika zina zochepa. Amene zomwe amadya ndi kugwiritsa ntchito sizifika pamenepo ndiye wosauka. Banki ija inagwiritsa ntchito mzere wa madola 2.15 pa tsiku, womwe unaikidwa kuti mayiko azitha kuyerekezedwa. Mizere iwiri, mayankho awiri. Wandale wa boma adzasankha 50, wotsutsa adzasankha 70, ndipo onse adzalumbira kuti akunena zoona. Choyenera kuchita inu ndi kufunsa kuti mzere wake ndi uti, ndipo poyerekeza zaka ziwiri muonetsetse kuti mzere ndi umodzimodzi.

Dziwaninso kuti kafukufukuyu sawerenga malipiro okha. Chimanga chomwe banja lakolola n'kudya lokha chimapatsidwa mtengo n'kuwerengedwa. Ndiye wina akanena kuti "munthu wa kumudzi sagwira K454 pa tsiku, nambalayi ndi yabodza", ndiye kuti sanamvetse chomwe chikuyezedwa.

Liwu lachiwiri ndi ntchito. Pa kampeni ya 2020 mgwirizano wa Tonse unalonjeza ntchito 1 miliyoni, ndipo kuyambira pamenepo mkangano wakhala woti kodi zinapezeka kapena ayi. Mkangano umenewu sungathe ngati sitinagwirizane kuti ntchito n'chiyani. Kodi ndi ya pamwezi yokhala ndi penshoni? Kodi ganyu wa masabata awiri wokonza msewu alowe? Nanga amene watenga ngongole n'kutsegula okala? Ndipo kodi tikuwerenga ntchito zatsopano zokha, kapena tikuchotserapo zomwe zatha makampani atatsekedwa? Akatswiri a ziwerengero pa dziko lonse ali ndi muyeso wodabwitsa kwa munthu wamba: amene wagwira ntchito yolipidwa ngakhale ola limodzi pa sabata yomwe akufunsidwayo amawerengedwa kuti ali pa ntchito. Ndipo kuti munthu atchedwe lova pa muyeso wokhwima, ayenera kukhala kuti alibe ntchito, ndi wokonzeka kuyamba, komanso wakhala akuisakasaka. Mnyamata amene watopa ndi kuponya makalata n'kungokhala pakhomo salowa m'gulu limeneli. N'chifukwa chake kafukufuku wa za ntchito yemwe NSO inachita mu 2013 anatulutsa nambala ziwiri: pafupifupi 7 peresenti pa muyeso wokhwima, ndi yopitirira 20 peresenti mukaphatikiza amene anasiya kusakasaka. Mukaona nambala yotsika ya ulova m'dziko losauka ngati lathu, musathamangire kunena kuti zinthu zili bwino kapena kuti NSO yagulidwa. Tanthauzo lake n'lakuti anthu ambiri sangakwanitse kungokhala, amachita kalikonse kuti adye. Funso lothandiza kwambiri ndi lakuti ndi angati ali pa ntchito yokhazikika, ndipo akulandira zingati.

Ngakhale liwu loti njala lili ndi muyeso. MVAC itanena kuti anthu 5.7 miliyoni adzafunika thandizo la chakudya pakati pa Okutobala 2024 ndi Malichi 2025, pambuyo pa ng'amba ya El Niño, inali kunena za amene afika pa mlingo wina wake wa kusowa chakudya m'miyezi imeneyo, ndipo inali kulosera za m'tsogolo potengera zokolola ndi mitengo. Sizitanthauza kuti otsalawo onse anali kudya katatu.

4. Funsani kuti "pa anthu angati?"

Peresenti iliyonse ndi gawo la chinachake, ndipo chinachakecho chikasintha, peresenti imasinthanso. Chitsanzo chabwino ndi chisankho cha pa 23 Juni 2020. Malo ena mudzawerenga kuti Chakwera anapambana ndi 58.57 peresenti, ena 59.34. Mavoti ake ndi omwewo, 2,604,043. Kusiyana kwake n'kwakuti nambala yoyamba yagawidwa ndi mavoti onse omwe anaponyedwa, kuphatikizapo owonongeka, pomwe yachiwiri yagawidwa ndi mavoti ovomerezeka okha. Pa chisankho chimenecho kusiyanaku kunalibe vuto, koma popeza tsopano wopambana ayenera kupeza mavoti opitirira theka, ganizirani tsiku lomwe wina adzakhale pa malire penipeni. Ndi bwino kudziwiratu kuti akugawa ndi chiyani.

Za HIV n'chimodzimodzi. M'zaka za 2015 ndi 2016 kafukufuku wa MDHS anapeza 8.8 peresenti, pomwe wina woona za HIV, wotchedwa MPHIA, anapeza 10.6. Woyamba ananena za anthu a zaka 15 mpaka 49, wachiwiri a zaka 15 mpaka 64. Amene angaike nambala ziwirizi pamodzi n'kunena kuti matenda akwera kapena atsika wasokoneza magulu awiri.

Kenaka siyanitsani peresenti ndi chiwerengero cha anthu enieni. Umphawi unali pa 50.7 peresenti mu 2010/11, unakwera kufika 51.5 mu 2016/17, n'kubwerera pa 50.7 mu 2019/20. Wina anganene kuti m'zaka zomalizirazo umphawi unatsika, ndipo pa pepala akhoza. Koma pakati pa kalembera wa 2008 ndi wa 2018, chiwerengero cha Amalawi chinkakula ndi pafupifupi 2.9 peresenti chaka chilichonse. Theka la anthu 13 miliyoni ndi 6.5 miliyoni, theka la 17.5 miliyoni ndi pafupifupi 8.8 miliyoni. Peresenti itaima malo amodzi, anthu osauka enieni, okhala ndi mayina ndi ana, anawonjezekera ndi mamiliyoni. Ine ndimaona kuti nambala zonse ziwiri ziyenera kutchulidwa limodzi nthawi zonse, ndipo amene watchula imodzi yokha afunsidwe inzakeyo.

Gwiritsani ntchito foni yanu kuwerengetsera nokha. Mu Novembala 2023 Reserve Bank inasintha mtengo wa dola kuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700, ndipo tonse tinamva kuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti. Chimene chinakwera ndi 44 peresenti ndi mtengo wa dola. Mukatembenuza, K100,000 yomwe inkagula madola pafupifupi 85 inayamba kugula 59, kutanthauza kuti inataya pafupifupi 30 peresenti ya mphamvu yake. Ululu wake pa msika ndi womwewo, koma mukadziwa kuti chochitika chimodzi chingatchulidwe ndi nambala ziwiri, simudzapusitsidwa wina akasankha yaikulu kapena yaing'ono mwadala.

5. Yang'anani chaka, ndipo funsani kuti kale zinali bwanji

Nambala zimakalamba. Ya 42 peresenti ya maukwati a ana, yomwe imatchulidwa pafupifupi pa msonkhano uliwonse wa za atsikana, inachokera mu MDHS wa 2015/16. Ndipo onetsetsani amene anafunsidwa: amayi a zaka 20 mpaka 24, ngati anakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Ambiri mwa maukwati amenewo anachitika zaka zingapo kafukufukuyo asanachitike. Choncho nambalayi singatiuze ngati lamulo la maukwati la 2015, kapena kusinthidwa kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 komwe kunakweza msinkhu wa mwana kufika zaka 18, kwathandiza kapena ayi. Kafukufuku wina woona za amayi ndi ana, wotchedwa MICS, wa 2019/20 anapeza pafupifupi 38 peresenti. Vutoli likadali lalikulu ndithu, ndipo n'chifukwa chake liyenera kunenedwa ndi nambala yolondola, kuti otsutsa asapeze pothawira.

Nambala yoima yokha siuza munthu ngati zinthu zaipa kapena zakhala bwino. Sukulu zitatsekedwa mu 2020 chifukwa cha Covid-19, kunamveka kuti atsikana opitirira 40,000 atenga mimba ndipo maukwati a ana pafupifupi 13,000 achitika. Nambalazi n'zomvetsa chisoni. Koma kuti tidziwe gawo lomwe kutsekedwa kwa sukulu kunachita, tiyenera kufunsa kuti m'miyezi yomweyo chaka cham'mbuyo zinali zingati, poti ngakhale mliri usanabwere MDHS anali atapeza kale kuti atsikana 29 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 ali ndi mwana kapena ndi oyembekezera. Funso limeneli silichepetsa vuto. Limatithandiza kuona kuti sukulu zitatsegulidwa vutolo silinathe.

Samalaninso ndi mawu oti "kukwera mitengo kwa zinthu kwatsika". Chakumapeto kwa 2023 nambalayi inapitirira 30 peresenti. Ikatsika kufika, tiyerekeze, pa 20, sizitanthauza kuti katundu watchipa. Chinthu cha K2,000 chikakwera ndi 30 peresenti chimafika K2,600, ndipo chaka chotsatira chikakwera ndi 20 peresenti chimafika K3,120. Mitengo ikukwerabe, koma pang'onopang'ono kusiyana ndi kale. Nduna yonena kuti nambala yatsika ndi mayi wonena kuti shuga wakwera onse akunena zoona.

Pomaliza pa gawo lino, onani chaka chomwe munthu wasankha kuyambira. Amene akufuna kuonetsa kuti ulimi wapita patsogolo amayambira pa chaka cha chilala, ndipo wofuna kuonetsa kuti walowa pansi amayambira pa chaka cha zokolola zambiri. Pemphani mndandanda wa zaka zosachepera zisanu zotsatizana.

6. Ikakhala nambala ya maganizo a anthu, funsani momwe anasankhira ofunsidwa

Chisankho chikayandikira, funso lomwe limamveka paliponse ndi lakuti: "Anthu 1,200 angayankhulire bwanji dziko lonse? Ine sanandifunse." Funsoli ndi lomveka, koma yankho lake lilipo. Wogula mtedza sasenda thumba lonse kuti adziwe ngati ndi wabwino. Amatapa pang'ono, koma satapa pamwamba pokha pomwe wogulitsa waika wosankhika: amapisa dzanja pakati ndi pansi. Kafukufuku wabwino amachita chomwecho. Madera amasankhidwa mwa maere kuchokera pa mndandanda wa kalembera, m'zigawo zonse, m'tauni ndi kumudzi molingana ndi kuchuluka kwa anthu, kenaka nyumba, kenaka munthu m'nyumbamo, amuna ndi akazi mofanana. Zikachitika motero, anthu 1,200 amapereka chithunzi chomwe chingaphonye ndi mapointi atatu okha pa 100, kukwera kapena kutsika.

Mapointi atatuwo muziwakumbukira. Wina akapeza 41 mnzake 39, palibe amene akutsogola motsimikizika. Ndipo nambala ikagawidwa m'timagulu, kuphonyako kumakula. Chigawo cha kumpoto chili ndi pafupifupi 13 peresenti ya anthu, ndiye pa anthu 1,200 ogawidwa motsatira chiwerengero, a kumpoto angakhale 150 kapena kupitirira pang'ono, ndipo nambala yawo ingaphonye ndi mapointi asanu ndi atatu. Mutu wa nkhani wonena za maganizo a boma limodzi kuchokera mu kafukufuku wa dziko lonse muziutenga mosamala kwambiri.

Onaninso amene sanayankhe. Chisankho cha 2014 chisanachitike, Afrobarometer inapeza kuti Peter Mutharika ali ndi 27 peresenti, Lazarus Chakwera 21 ndipo Joyce Banda, yemwe anali pulezidenti pa nthawiyo, 19. Zotsatira zitatuluka, Mutharika anapeza 36.4, Chakwera 27.8, Banda 20.2. Ndondomeko ya atatuwa inali yomweyo, koma nambala zinakwera chifukwa, mwa zina, pa tsiku lovota palibe bokosi la "sindinaganize" kapena "sindinena". Kafukufuku amajambula maganizo a masiku omwe anachitikira, salosera ngati mneneri.

Mafunso ena oti mufunse ndi awa: analipira ndani, anafunsa liti, pamaso kapena pa foni, m'chiyankhulo chanji, ndipo funsolo linalembedwa bwanji. "Kodi mukugwirizana ndi kupha ana osabadwa?" ndi "Kodi mtsikana wogwiriridwa aloledwe kuthandizidwa kuchipatala?" angatulutse mayankho osiyana kwambiri kuchokera kwa anthu omwewo, ndipo mafunso onse awiriwa akukankhira woyankha mbali ina. Bungwe lodalirika limasindikiza mafunso ake onse. Lomwe likukana kuwaonetsa musalikhulupirire.

Mavoti a pa Facebook ndi mafoni a pa wailesi si kafukufuku. Amene ayankha ndi okhawo ali ndi intaneti kapena mayunitsi, ndiponso amene nkhaniyo yawakhudza mpaka kuimba. Ngakhale atavota anthu 50,000, agogo a ku Nsanje opanda foni sanalowemo, koma pa tsiku la chisankho adzakhala pa mzere.

7. Zinthu zobisika zimayerekezedwa, siziwerengedwa

Pali nkhani zomwe anthu sanena poyera chifukwa cha lamulo, manyazi kapena mantha. Kuchotsa mimba ndi imodzi mwa izo: lamulo lathu limaletsa kupatula pa zifukwa zochepa, monga pamene moyo wa mayi uli pa chiopsezo, ndiye palibe kaundula wa onse amene achita. Nambala ya 141,000 yomwe imatchulidwa pa mkangano wa bilu yokhudza nkhaniyi inachokera mu kafukufuku wa College of Medicine ndi bungwe la ku America la Guttmacher Institute wonena za chaka cha 2015. Ochita kafukufukuwo anayambira pa amayi omwe anafika m'zipatala ndi mavuto obwera mimba itachoka, anachotsapo omwe anapita padera mwachilengedwe, kenaka anafunsa anthu odziwa za umoyo kuti pa mayi mmodzi wofika kuchipatala, ndi angati safika. Iwo eni ananena kuti nambala yeniyeni ili pakati pa 121,000 ndi 161,000.

Kaya muli mbali iti pa nkhaniyi, chilungamo chimafuna zinthu ziwiri. Wogwiritsa ntchito nambalayi anene kuti ndi yoyerekeza ndipo ndi ya 2015. Woikana asangoti "yabodza" chifukwa sakonda amene anaipanga, koma aloze pomwe njira yawo yalakwika. Ndipo onse adziwe kuti nambala singagamule funso la chikhulupiriro. Ingatiuze kukula kwa chinthu, koma choyenera kuchita tidzakambirana ndife.

Nambala za apolisi nazo zimawerenga milandu yomwe yakanenedwa. Milandu yogwirira ana kapena ya nkhanza za m'banja ikakwera m'mabuku, mwina nkhanza zachuluka, mwinanso anthu ayamba kulimba mtima kukanena chifukwa mafumu ndi mabungwe awalimbikitsa. Ikatsika, mwina anthu ataya chikhulupiriro. Yerekezani ndi kafukufuku wa m'makomo monga MDHS, yemwe amafunsa amayi mwachinsinsi zomwe zinawachitikira ngakhale sanakanene kulikonse.

Za chipembedzo ndi mitundu, kalembera amalemba zomwe wapakhomo wayankha. Wa 2018 anapeza Akatolika 17.2 peresenti, a CCAP 14.2 ndi Asilamu 13.8, ndipo pa mitundu Achewa 34.4, Alomwe 18.9, Ayao 13.3, Angoni 10.4 ndi Atumbuka 9.2. Magulu ena amanena kuti ndi ochuluka kuposa pamenepa. Ali ndi ufulu wofunsa, koma funsaninso iwo kuti yawoyo anaipeza bwanji. Kaundula wa mpingo amasunga mayina a amene anasamuka, analowa mpingo wina kapena anamwalira, pomwe kalembera amafika khomo ndi khomo. Ndipo nambala ya mtundu si nambala ya mavoti: imaphatikiza ana, ndipo anthu a mtundu umodzi savota ngati munthu mmodzi.

8. Chenjerani ndi mawu oti "chifukwa cha"

Zinthu ziwiri zikachitikira limodzi sizitanthauza kuti china chabala chinzake. Zokolola zikachuluka chaka chomwe feteleza wotsika mtengo anagawidwa, funsani kuti mvula inagwa bwanji. Zikachepa, funsani chimodzimodzi musanaweruze pulogalamuyo. Nthawi zonse fufuzani chinthu chachitatu chomwe chinasinthanso nthawi yomweyo.

9. Nambala ikabisidwa, ipempheni

Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga, la Access to Information, linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Limakupatsani ufulu wopempha ziwerengero ku unduna, ku khonsolo kapena ku bungwe la boma. Lembani kalata kwa ofisala woona zopereka uthenga, nenani mwachindunji chomwe mukufuna, zaka zake ndi dera lake, mwachitsanzo chiwerengero cha aphunzitsi ndi ophunzira pa sukulu iliyonse ya pulayimale m'boma lanu kwa zaka zitatu zapitazi. Sungani kope yokhala ndi chidindo cha tsiku lomwe alandira. Lamulo limawapatsa masiku 15 ogwira ntchito kuti ayankhe, ndipo akakana kapena kungokhala chete mungakadandaule ku Malawi Human Rights Commission, yomwe inapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli. Pempho lopapatiza limayankhidwa msanga kuposa lofuna "zonse zokhudza maphunziro".

10. Yesaninso nambala ya mbali yanu, kenaka tumizani yathunthu

Gawo lovuta kwambiri ndi ili. Tonse timakhala akatswiri ofufuza nambala ikanyoza chipani chathu, mpingo wathu kapena chigawo chathu, koma ikatikomera timaitumiza tisanamalize n'kuwerenga komwe. Njira yodziyesera ndi yosavuta: dzifunseni kuti nambala yomweyi, yochokera ku bungwe lomweli, ikanakomera mbali inayo, mukanaivomera? Ngati munayamikira kafukufuku wa bungwe lina pamene ankaonetsa kuti munthu wanu akutsogola, simungalitche logulidwa chisankho chotsatira popanda kuonetsa chomwe chasintha pa kagwiridwe kake ka ntchito.

Mukakhutira, tumizani nambalayo pamodzi ndi mwini wake, chaka chake, gulu la anthu lomwe ikunena ndi tanthauzo lake. M'malo molemba kuti "theka la Amalawi ndi amphawi", lembani kuti: "Malinga ndi kafukufuku wa NSO wa 2019/20, Amalawi 50.7 pa 100 alionse ankadya ndi kugwiritsa ntchito zinthu za mtengo wosafika K454 pa tsiku pa mitengo ya nthawi imeneyo. Pa muyeso wa Banki Yaikulu ya Dziko Lonse wa madola 2.15, anali pafupifupi 70." Ikani ulalo wa lipotilo ndi nambala ya tsamba pansi pake. Wina m'gulu akatumiza nambala yopanda zimenezi, musayambe ndi kumunena kuti ndi wabodza, poti mwina nayenso anangolandira. Mufunseni mwaulemu kuti, "Achimwene, imeneyi anawerenga ndani, ndipo ndi ya chaka chiti?" Akaipeza, muwerengere limodzi. Akalephera, mupempheni alembe m'gulu momwemo kuti gwero lake silinapezeke, kuti amene anaiona kale asaipititse kwina.